Timizere toyera m'masaya: kodi ndi chiyambi cha khansa?

FUNSO: Zikomo alangizi athu a zaumoyo. Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, ndipo ndimalima mbatatesi ndi nyemba. Kwa zaka zitatu tsopano, m'kati mwa masaya anga onse awiri muli timizere toyera tolukanalukana ngati ukonde wa kangaude, ndipo nthawi zina pakati pa timizereto pamafiira n'kumawotcha, moti ndiwo zothira tomato kapena tsabola sindingaziyandikire. Ndinapaka jivi, ndinachukucha madzi amchere, ndinamwanso mankhwala achikuda, koma palibe chinasintha. Chaka chatha ananditumiza ku Lilongwe kumene anandidula kanyama ka m'tsaya kuti akakayeze. Zotsatira zitatuluka anandiuza kuti si khansa, ndi matenda otchedwa lichen planus, koma ndizibwerabe kudzaonedwa chifukwa nthawi zina amasanduka khansa. Chimvereni mawu amenewo, tulo sindikuliona. Mayi anga aang'ono anamwalira ndi khansa yakummero ndipo ndinaona ndi maso anga mmene anavutikira. Ine fodya sindisuta, mowa sindimwa. Chonde ndiuzeni zoona: kodi ndikungodikira khansa? Nanga ngati si khansa, akundivutitsiranji ndi maulendo, thiransipoti itakwera chonchi?
— Mayi wodandaula, Bembeke, Dedza

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani kwambiri ndi imfa ya mayi anu aang'ono. Mwapempha zoona, choncho ndiyambire pomwepo: simukudikira khansa. Mwa anthu 100 alionse amene ali ndi lichen planus ya m'kamwa, amene amadzapezeka ndi khansa pamalopo ndi pafupifupi mmodzi yekha, ndipo ena onsewo amakalamba ndi timizere tawo osasanduka china chilichonse. Mu 2019 akatswiri a payunivesite ya Granada ku Spain anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 82, wokhudza odwala oposa 26,000, ndipo chiwerengero chimene anapeza chinali 1.14 peresenti. Akatswiri ena, amene anawerengera odwala okhawo amene matenda awo anatsimikizika mosakayikitsa, anapeza chiwerengero chotsikirapo, chosafika ndi theka lomwe la 1 peresenti, pamene ena amati chenicheni chingakhale chokwererapo pang'ono popeza odwala ambiri sanatsatidwe kwa zaka zokwanira. Amasiyana pamenepo, koma onse amavomerezana kuti chiopsezocho n'chaching'ono, ndiponso kuti chilipo ndithu. Mfundo ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi m'maganizo mwanu, chifukwa wogwira yoyamba yokha amasiya kupita kuchipatala, ndipo wogwira yachiwiri yokha amasowa tulo monga mukuchitira inumu.

Matendawa sabwera ndi kachilombo, ndiponso si chifukwa cha uve kapena chakudya china chimene munadya. Oyambitsa ndi asilikali a m'thupi mwanu momwe, makamaka maselo oyera a m'magazi otchedwa T-lymphocyte, amene amasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi maselo a kunsi kwa khungu lofewa la m'kamwa. Kulimbanako kukakhala kochepa, khungu limangokhuthala n'kupanga timizere toyera tija, ndipo anthu ambiri otere sadziwa n'komwe kuti ali ndi vuto mpaka dokotala wa mano atawauza. Kukakula, khungu limapyapyala, limafiira, mwinanso kusupuka n'kusiya chilonda, ndipo m'pamene tomato ndi tsabola zimawotcha chonchija. Padziko lonse matendawa amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100, ndipo amakonda amayi kuposa abambo, makamaka a msinkhu wanuwu. Akagwira khungu lakunja, pamikono kapena pamiyendo, nthawi zambiri amatha okha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, koma akagwira m'kamwa amakhalitsa kwa zaka zambiri, kumazizira n'kumayambiranso.

Madokotala anawadziwa kalekale. Amene anawafotokoza n'kuwapatsa dzina ndi Erasmus Wilson wa ku London mu 1869, ndipo timizere toyera tija tinafotokozedwa bwino ndi Louis Wickham wa ku Paris mu 1895. Mu 1910 dokotala winanso wa ku France, François Hallopeau, analemba za wodwala amene khansa inamera pa lichen planus ya m'kamwa, ndipo mu 1978 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika matendawa m'gulu la mavuto a m'kamwa amene angathe kutsogolera ku khansa. Mawu amene munauzidwa ku Lilongwe aja gwero lake ndi limeneli, ndipo amene anakuuzaniwo ananena zoona.

Mwina mungafunse kuti matenda amene si khansa angafike bwanji pobereka khansa. Khungu la m'kamwa likamaonongeka n'kumadzikonza mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, maselo ake amagawikana kochuluka kuposa mmene anayenera kuchitira, ndipo pa kugawikana kulikonse pamakhala mpata woti malangizo a m'kati mwa selo, otchedwa DNA, akopedwe molakwika. Komanso asilikali a m'thupi aja akamalimbana amatulutsa zinthu zimene zimavulaza DNA yomweyo, ndipo khungu lopyapyala kapena losupuka limalola poizoni wa mu fodya ndi mowa kulowa mosavuta. Zolakwika zambiri thupi limazikonza lokha kapena kupha selo lolakwikalo. Mwa anthu ochepa zolakwikazo zimaunjikana mpaka selo limodzi n'kuyamba kuchulukana mosalamulirika, ndipo zimenezi zikachitika, kawirikawiri zimachitika patapita zaka zingapo chiyambireni matendawa.

Chiopsezochi sichofanana kwa onse. Chimakwera kwa amene matendawa ali palilime, makamaka m'mbali mwake. Kwa amene ali ndi mtundu wofiira kapena wa zilonda kusiyana ndi wa timizere toyera tokha. Kwa osuta fodya ndi omwa mowa. Ndiponso kwa amene ali ndi kachilombo kotupitsa chiwindi ka hepatitis C. Inu muli ndi zambiri zokukomerani, popeza matenda anu ali m'masaya, ali mbali zonse ziwiri mofanana monga lichen planus yeniyeni imachitira, anatsimikizika poyeza kanyama, ndipo fodya ndi mowa simuzikhudza. Sindikubisirani kuti kufiira ndi kuwotcha mwatchulako kukukuikani m'gulu loyenera kuonedwa pafupipafupi kusiyana ndi munthu wa timizere tokha, koma ngakhale m'gulu limenelo ochuluka kwambiri sadwala khansa. Za mayi anu aang'ono ndinene kuti khansa yakummero ndi matenda ena, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyo ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, moti mabanja ambiri a kuno ali ndi chisoni chonga chanu. Imfa yawo sikusonyeza kuti timizere ta m'masaya mwanu tikulowera komweko.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la maulendo, limene kwa ine ndilo lalikulu. Kanyama kamene anakudulani kanafotokoza za malo amodzi okha pa tsiku limodzi lokha. Kananena kuti pamalopo, pa tsikulo, panalibe khansa, koma sikangathe kulonjeza za tsaya linalo kapena za zaka zisanu zikubwerazi. Vuto lina n'lakuti khansa ya m'kamwa ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, ndipo m'kamwa mozolowera kale kufiira, kuyera ndi zilonda, kusintha kwatsopano kumabisala pakati pa zakale. Mwini wake amangoti ndi matenda anga omwe aja ayambiranso, n'kudikira kuti azizire monga mwa nthawi zonse, miyezi n'kumapita. Diso ndi chala cha munthu wophunzira ntchitoyi zimazindikira malo amene asiyana ndi anzake, ndipo kuyezako ndi kwa mphindi zochepa, kopanda jekeseni kapena makina. Phindu lake n'lalikulu. M'mayiko amene chithandizo chili pafupi, odwala oposa 80 mwa 100 amene khansa ya m'kamwa inapezeka isanafalikire amakhala akadali moyo patatha zaka 5, koma ikapezeka itafika kale ku ziwalo zakutali, chiwerengerocho chimatsika kufika pansi pa theka. Khansa yaing'ono imachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono, munthu n'kupitiriza kudya ndi kulankhula bwinobwino, pamene yaikulu imatenga mbali ya lilime kapena ya nsagwada.

Akatswiri amalangiza kuti wodwala lichen planus ya m'kamwa azionedwa kosachepera kamodzi pachaka ngakhale asakumva kupweteka kulikonse, ndipo kwa amene ali ndi mtundu wofiira ambiri amati pa miyezi 6 iliyonse. Sikuti ulendo uliwonse uyenera kukhala wa ku Lilongwe. Pachipatala cha boma cha Dedza pali gawo la mano, ndipo ogwira ntchito kumeneko angathe kukuyang'anani m'kamwa, kukhudza khosi lanu, ndi kukulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central pokhapokha ataona chokayikitsa. Ulendo wotsatira wa ku Lilongwe mukafunse ngati mungakonze motero, ndipo mukapemphe kuti zotsatira za kanyama kaja zilembedwe momveka bwino m'buku lanu la kuchipatala. Bukulo lisungeni mosamala, chifukwa amene akukuonani chaka chino mwina si amene adzakuoneni chaka chamawa, ndipo bukulo ndi limene lidzamuuze zimene anzake anapeza. Ngati m'banjamo muli foni yojambula, mwana wanu azikujambulani masaya onse awiri ndi lilime pa miyezi ingapo iliyonse, pabwalo powala, kuti achipatala azitha kuyerekeza zalero ndi zakale.

Pakati pa maulendowo, mlonda wamkulu ndinu nomwe. Kamodzi pamwezi sambani m'manja, tengani galasi, khalani powala dzuwa kapena muunikidwe ndi tochi. Kokani tsaya limodzi ndi chala, yang'anani mpaka kumapeto kwa mano, kenako linalo. Tulutsani lilime, gwirani nsonga yake ndi kansalu koyera, likokereni kumanja ndi kumanzere kuti muone m'mbali mwake mpaka kumbuyo, pakuti kumeneko ndi kumene khansa imakonda kuyambira. Kwezani lilimelo muone kunsi kwake, ndipo pomaliza yendetsani chala pamalo onse odwalawo. Lichen planus ndi yofewa mukaikhudza, ngakhale itafiira chotani. Mukamva malo olimba ngati muli kambewu pansi pa khungu, musadikire tsiku limene anakupatsani. Chimodzimodzinso mukaona chilonda chimene chatha masabata atatu osapola ngakhale mukupaka mankhwala, chilonda cha m'mphepete motukuka, malo amene akukula kapena kuchita tinthu totumphuka pamene kwina konse kwazizira, kutuluka magazi popanda chifukwa, dzanzi pamlomo kapena palilime, dzino logwedera losadziwika chifukwa chake, khutu lopweteka mbali imodzi, kuvutika kumeza, kapena mwanabere wolimba m'khosi amene sakuphwa. Zambiri mwa zimenezi zikayezedwa zimapezeka kuti si khansa, koma ameneyo ndi mlandu woti agamule ndi achipatala, ndipo akanena kuti adulenso kanyama kena, vomerani.

Za mankhwala, palibe amene amathetseratu lichen planus, koma alipo oziziritsa bwino ndithu. Odalirika ndi a m'gulu la steroid, monga triamcinolone kapena clobetasol opaka pamalopo, kapena betamethasone wosungunula m'madzi n'kuchukucha kwa mphindi zingapo kenako n'kulavula. Opakawo amagwira bwino mukayamba mwaumitsa malowo ndi kansalu, n'kukhala theka la ola osadya kapena kumwa. Ntchito yawo ndi yochepetsa ululu ndi kupoletsa zilonda kuti muzitha kudya. Palibe umboni woti amachotsa chiopsezo cha khansa, choncho kupeza bwino si chifukwa chosiyira kukaonedwa. Nthawi zina amachititsa kuti m'kamwa mumere fangasi, ndipo mukaona zoyera zonga chambiko zimene zikuchoka mukapukuta, kauzeni achipatala akupatseni nystatin kapena ena otero. Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezani mwamphamvu. Mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ali ndi mayina omwewa a clobetasol ndi betamethasone pa tchubu, koma musawaike m'kamwa, pakuti ambiri amasakanizidwa ndi zinthu zina zoopsa ndipo mphamvu yake sidziwika. Jivi nayenso musiyeni. Pa matenda anuwa sathandiza kanthu, ndipo mtundu wake umaphimba malo enieni amene achipatala akufuna kuwaona, moti tsiku lopita kuchipatala muzipita m'kamwa musanapake chilichonse.

Masiku amene kwayambiranso kuwotcha, pewani tsabola, tomato wambiri, mandimu, chinanazi, bwemba, masau ndi tiyi wotentha kwambiri, ndiponso zolimba zokanda monga chimanga chokazinga. Phala, nsima yofewa yoti yapolako, therere, mazira, maungu, nthochi ndi mbatatesi zanu zomwezo zowiritsa zimadutsa bwino, ndipo n'kofunika kuti musafe ndi njala poopa ululu. Kukazizira, bwererani ku ndiwo zamasamba ndi zipatso, pakuti anthu odya zimenezi mokwanira sadwala khansa ya m'kamwa kawirikawiri ngati amene sazidya. Tsukani mano ndi mswachi wofewa kawiri patsiku ngakhale nkhama zikupweteka, chifukwa zokanirira m'mano zimakulitsa matendawa, ndipo ngati mankhwala otsukira mano akukuwotchani, sinthani mupeze osalusa kwambiri. Ngati muli ndi dzino losweka limene likukanda tsaya kapena lilime, kalisalazitseni kapena kalichotseni.

Simunanene ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga. Mankhwala ena a BP, monga hydrochlorothiazide, enalapril ndi atenolol, komanso opha ululu monga ibuprofen, mwa anthu ena amayambitsa zilonda zofanana kwambiri ndi lichen planus, ndipo chitsulo chotuwa chomatira mano chingachitenso chimodzimodzi pamalo amene chikukhudza tsaya. Ngati mumamwa ena mwa amenewa musawasiye panokha, chifukwa BP yosalamulidwa ndi yoopsa kuposa timizereto, koma katchuleni kuchipatala kuti aone ngati n'koyenera kusintha. Kafunseninso za kuyezetsa hepatitis C. Pomaliza, matendawa mwa amayi ena amagwiranso kumalo obisika, kumabweretsa kuyabwa, kuwotcha kapena ululu pokhala malo amodzi ndi abambo. Ambiri amachita manyazi osanena, ena amaganiza kuti ndi matenda opatsirana n'kuyamba kukayikirana m'banja. Ngati zilipo, kaneneni kwa namwino kapena dokotala amene mumamasuka naye, popeza kumenekonso kumafunika mankhwala ndi kuonedwa.

FUNSO: Bambo anga ali ndi zaka 67, amasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata ndipo kachasu amamwa pafupifupi tsiku lililonse. M'mbali mwa lilime lawo, kumanzere kokha, munali chigamba choyera kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano pakati pake pali chilonda chimene chatha miyezi iwiri. Akuti sichikupweteka kwenikweni, koma pansi pa nsagwada patuluka kachotupa kolimba. Mlongo wanga akuti mwina ndi matenda otupa m'kamwa amene anthu amakhala nawo zaka zambiri osafa. Bambowo akukana kuchipatala, akuti chotupa ukachidula chimalusa n'kufalikira. Tidikire kaye kapena titani?
— Mwana wawo wachisamba, Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, musadikire ngakhale sabata imodzi. Sindingatchule dzina la matenda a bambo kudzera m'kalata, koma zonse mwalembazi ndi zizindikiro zimene achipatala amaziona ngati khansa ya lilime mpaka kuyeza kutasonyeza zina: msinkhu wawo, fodya ndi kachasu kwa zaka zambiri, mbali imodzi yokha ya lilime, chilonda cha miyezi iwiri, ndi kachotupa kolimba pansi pa nsagwada. Mlongo wanu akunena za lichen planus imene ndafotokoza pamwambapa, koma imeneyo kawirikawiri imagwira mbali zonse ziwiri, imakhala yofewa, ndipo simabweretsa mwanabere wolimba. Chigamba choyera chosapukutika chimene chili malo amodzi mwa munthu wosuta, madokotala amachitcha leukoplakia, ndipo chiopsezo chake chosanduka khansa n'chachikulu kuposa cha lichen planus, makamaka chikakhala m'mbali mwa lilime kapena kunsi kwake, kapena chikasakanikirana ndi zofiira. Kusapwetekako kusakupusitseni. Zilonda wamba zam'kamwa, zimene tonse timadwala, zimapweteka kwambiri koma zimapola pasanathe masabata awiri, pamene chilonda cha khansa chimatha kukula mwakachetechete kwa miyezi ululu usanayambe.

Fodya ndi mowa chilichonse pachokha chimayambitsa khansa ya m'kamwa, koma zikaphatikizana chiopsezo chimachulukana kwambiri, chifukwa mowa umafewetsa khungu la m'kamwa kuti poizoni wa mu utsi alowe mosavuta, ndipo mowawo m'thupi umasanduka poizoni wotchedwa acetaldehyde, amene nayenso amaononga maselo. Anthu ena amaganiza kuti chingambwe n'chabwinopo kusiyana ndi ndudu za m'sitolo poti n'cholima okha, koma poizoniyo ali m'tsamba la fodya lenilenilo ndi mu utsi wake. Fodya wopera amene agogo athu amaika kunsi kwa mlomo nayenso ali m'gulu lomwelo, ndipo ngati pakhomo panu pali amene amatero, nawonso ayang'aneni m'kamwa.

Mantha a bambo ndikuwamvetsa, ndipo ali ndi pochokera. Anthu ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, amadulidwa kanyama, ndipo posakhalitsa amamwalira. Otsala amaona ngati kudulako ndiko kwawapha, chonsecho khansayo inali itafalikira kale asananyamuke kunyumba. Kudula kanyama koyeza sikufalitsa khansa. Amabaya jekeseni wochititsa dzanzi pamalopo, amachotsa kanyama kakang'ono kwambiri, amasoka kamodzi kapena kawiri, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Popanda kuyeza kumeneko palibe amene angadziwe chenicheni, pakuti chilonda chotere nthawi zina chimayamba ndi TB, chindoko kapena dzino lakuthwa, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala ake.

Lizulu ili pamsewu wa M1, choncho chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu mungathe kufikako m'mawa umodzi. Pitani ku gawo la mano, ndipo mukafika nenani momveka kuti chilondacho chatha miyezi iwiri, kuti bambo amasuta ndi kumwa, ndiponso kuti m'khosi muli chotupa cholimba. Funsani mwaulemu ngati n'kotheka kuwatumiza ku chipatala chachikulu kukayezedwa kanyama, kumene kungakhale ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Mukapatsidwa mankhwala oti akamwe kaye, pemphani tsiku lobwereranso lisapitirire masabata awiri, ndipo mulisunge tsikulo ngakhale bambo atanena kuti akupezako bwino. Mukatumizidwa, tengani nambala ya foni yofunsira zotsatira ndipo muzifunsa inuyo. Powalankhula bambo musawaopseze ndi imfa kapena kuwadzudzula za kachasu pa nthawi ino. Pezani munthu amene amamumvera, kaya ndi mkulu wawo, mlongo wawo kapena mkulu wa mpingo, muwapemphe kuti angopita kukaonedwa, ndipo muwaperekeze nokha. Zosiya fodya ndi mowa n'zofunika kwambiri ndipo zimathandiza ngakhale pa msinkhu wawowu, koma munthu amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, choncho mukawauze achipatala za kamwedwe kawo kuti awathandize kusiya bwinobwino.

FUNSO: Mkazi wanga anamupeza ndi lichen planus ya m'kamwa. Achibale ena ayamba kumupatulira kapu ndi sipuni, ndipo akunong'onezana kuti zoyera m'kamwa ndi chizindikiro cha HIV. Kodi angatipatsire ine ndi ana?
— Bambo wa ana anayi, Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Bambo, mayiwo sangakupatsireni, ngakhale inu kapena ana, kaya podyera mbale imodzi, pomwera kapu imodzi, popsompsonana kapena pokhala malo amodzi, chifukwa matendawa alibe kachilombo koti kachoke mwa munthu wina kupita mwa wina. Khansa ya m'kamwa nayo sipatsirana motero. Kapu yopatulayo ibwezedwe pamodzi ndi zinzake, ndipo ndi inu mwamuna wawo amene muyenera kuwauza achibalewo zimenezi mayiwo ali pomwepo, chifukwa nkhawa ndi kusalidwa zimadziwika kuti zimadzutsa matendawa mwa odwala ambiri.

Lichen planus si chizindikiro cha HIV. Achibale anu akusokoneza ndi mavuto ena a m'kamwa amene amabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Loyamba ndi fangasi wa Candida, amene zoyera zake zimachoka mukapukuta ndi kansalu n'kusiya pofiira, pamene timizere ta lichen planus sitichoka. Lachiwiri ndi timizere toyera toimirira m'mbali mwa lilime, totchedwa hairy leukoplakia, timene timayamba ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndipo sitisanduka khansa. Lachitatu ndi khansa ya Kaposi, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri kuno ku Malawi, ndipo m'kamwa imaoneka ngati zigamba zofiira moderako, kawirikawiri kumwamba kwa m'kamwa kapena pankhama. Munthu angathe kukhala ndi lichen planus komanso HIV, monga angathe kukhala ndi BP komanso HIV, koma china sichibweretsa chinzake. Ngati nonse awiri papita nthawi musanayezetse magazi, kayezetseni limodzi pachipatala chimene muli nacho pafupi, pakuti m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo n'kothandizanso kudziwa mayiwo asanayambe mankhwala a steroid. Zonse zimene ndalangiza mayi a ku Bembeke zikukhudzanso akazi anu, ndipo pa kudziyeza kwa mwezi ndi mwezi kuja mungathe kumawagwirira tochi ndi kuwaonera m'mbali mwa lilime, kumbuyo kumene iwo sangathe kuona bwino pagalasi.